Nyemba imene Goku anaponyera Cell

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 10, ndipo ndine ndinamukondetsa Dragon Ball Z, katuni ya ku Japan yonena za Goku, katswiri wa ndewu, ndi mwana wake Gohan. Tchuthi chapitachi ankagona kwathu, ndiye madzulo tikatha kudya tinkayala mkeka, n'kuika laputopu pampando, n'kumaonera magawo angapo mpaka batire itatha. Tinayambira pamene Raditz, mkulu wake wa Goku, akutera padziko, tinadutsa ku dziko la Namek, mpaka tinafika pa mpikisano wa ndewu wa chilombo chotchedwa Cell. Ine zonsezi ndinaziona kale kangapo, moti ndinkangodikira kuona nkhope ya mnyamatayu pa nthawi imene tsitsi la Gohan likuima, mphamvu zake zikutuluka. Koma tisanafike pamenepo, pomwe Cell wamukumbatira Gohan ndi manja onse awiri n'kumamufinya mwana akukuwa, iye anatambasula dzanja n'kuimitsa kanemayo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, nanga bambo akewo angoima bwanji?"

Ndinamuyankha monga timayankhira ife okonda Goku: akudziwa chimene akuchita, mwanayo ali ndi mphamvu zobisika, dikira uone. Anagwedeza mutu n'kuyatsanso kanemayo. Koma yankho langa ine mwini silinandifike pamtima, ndipo funso lija landikhala m'mutu mpaka lero. Goku ndimamukonda kuyambira ndili mwana, ndipo sindidzasiya. Chimene ndasiya ndi kumutchula ngwazi yopanda banga. Munthu ameneyu amatchova juga ndi zinthu zimene si zake, ndipo chikole chimene amaika kawirikawiri chimakhala mwana wake yemwe.

Tiyeni tikumbutsane bwinobwino zimene zinachitika tsiku limenelo, chifukwa ambirife timangokumbukira kuwala ndi kukuwa. Goku ndi Gohan anali atatuluka m'chipinda chija chimene tsiku limodzi la kunja limakhala chaka chathunthu m'kati. Ali m'katimo, Goku anaona kuti mwanayo akakwiya akhoza kumuposa iyeyo. Anasunga zimenezi mumtima. Sanauze mkazi wake Chi-Chi, sanauze Piccolo, mdani wake wakale amene anaphunzitsa Gohan ndewu, ndipo mwini wake Gohan sanamuuzenso. Masiku otsalawo anawathera kupuma ndi kusewera, anzake akudabwa kuti mtendere umenewu wautenga kuti. Tsiku la mpikisano anayamba ndi iye kumenyana ndi Cell, ndewu yokoma kuonera kuposa zambiri m'nkhani yonseyi, kenako anaima n'kunena kuti wagonja. Atafunsidwa kuti nanga alowe ndani, anatchula dzina la mwana wosakwana zaka 12.

Mpaka pamenepa munthu akhoza kumuikira kumbuyo. Ngati palibe wina aliyense padziko amene angathe, ndiye kuti palibe. Koma kenako Goku anapita kwa mnzake Krillin, anatenga nyemba imodzi ya senzu, n'kuiponyera Cell. Nyemba imeneyi imabwezeretsa mphamvu zonse ndi kupoletsa mabala nthawi yomweyo. Cell anali atatopa chifukwa cha ndewu yoyamba ija, ndipo kutopako kunali mwayi wokhawo umene mwanayu akanalowa nawo m'bwalo. Bambo wake anauchotsa ndi dzanja lake, chifukwa chake n'chakuti ndewu ikhale yachilungamo. Cell anali atameza anthu a m'matauni athunthu, kusiya zovala zokhazokha zili mbwee m'misewu, ndipo anali atalengeza pa wailesi yakanema kuti akapambana apha aliyense. Chilombo chotere ndicho Goku anachiganizira za chilungamo, mwana wake ataima pambali akumva.

Amene anamuyankha ndi Piccolo, ndipo kwa ine mphindi imeneyo ndi imene nkhani yonse inanena zoona zenizeni za Goku. Anamuuza kuti Gohan si munthu wokonda ndewu ngati iyeyo, kuti mwanayo sakuganiza za mphamvu zobisika, akungodabwa kuti bambo wake akumuonerera bwanji akuvutika chonchi. Nkhope ya Goku inasintha. Zimenezi anali asanaziganizepo n'komwe. Anapempha nyemba kuti alowe akathandize, koma Cell anali atamva kale, ndipo analanda thumba lonse m'manja mwa Krillin. Zotsatira zake tikuzidziwa: tiana ta Cell tikumenya anzake onse mpaka kukomoka, Gohan akulira osadziwa chochita. Ndipo amene anapeza mawu oti alankhule ndi mtima wa mwanayu anali Android 16, makina otsala mutu wokha uli gone pafumbi. Makina anamumvetsa mwana kuposa amene anamubereka.

Ena amati ndi tsiku limodzi lokha, munthu aliyense amalakwa. Ndikanavomera zikanakhala kuti linalidi tsiku limodzi. Pamene Vegeta, kalonga wa a Saiyan, mtundu wa ankhondo a kudziko lina umene Goku amachokera, anagonja koyamba akukwawira ku chombo chake, Krillin anali atanyamula lupanga kuti amalize nkhani, anzake Yamcha, Tien, Chiaotzu ndi Piccolo ali mitembo chifukwa cha ulendo wa a Saiyan umenewo. Goku anapempha kuti amusiye apite, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti akufuna adzamenyane nayenso. Zoti Vegeta anadzasintha patsogolo n'zoona, koma Goku sankazidziwa tsiku limenelo, ndipo asanasinthe anapha mudzi wonse wa anthu a ku Namek. Frieza, mdani wankhanza amene anamenyana naye ku Namek, atadulidwa pakati ndi chida chake chomwe, Goku anamugawira mphamvu kuti athawe, Frieza n'kumubwezera ndi kumuombera kumbuyo. Ndipo pamene Trunks, mwana wa Vegeta, anabwera kuchokera m'tsogolo kudzachenjeza kuti pakatha zaka 3 kubwera adani opangidwa ndi wasayansi Dr. Gero, Bulma, mnzake wakale wa Goku, ananena chinthu chanzeru kuposa onse: tiyeni timufunefune munthuyu panopa asanamalize ntchito yake. Vegeta anakana moopseza, zimene sizodabwitsa. Koma Goku nayenso anakana, ndipo anavomera yekha kuti akufuna kumenyana nawo. Pakanapanda Android 17 ndi 18, adani a Dr. Gero aja amene Cell anawameza kuti aonjezere mphamvu, Cell sakanafika pa msinkhu umene anafikapo, ndipo mwana uja sakanafinyidwa pamaso pa bambo wake.

Chimene chimandipweteka kwambiri si ndewu ayi, koma kusowa kwake pakhomo. Ku Namek kutaphulika, anzake anapempha Porunga, chinjoka chokwaniritsa zopempha, kuti chimubweze kwawo. Chinjokacho chinayankha kuti munthuyo ali moyo koma wakana, adzabwera yekha. Mkazi ndi mwana anali pomwepo akumva. Iye anali ku dziko la Yardrat akuphunzira luso latsopano, ndipo anadzafika patatha chaka ndi miyezi. Cell atagonja, Goku anali atafa pa ndewuyo, ndipo anzake akufunafuna njira yomuukitsira, analankhula kuchokera kumwamba kuti asavutike. Chifukwa chake chinali chomveka pang'ono, choti adani ambiri amabwera padziko chifukwa cha iye. Koma m'mawu omwewo anasonyeza kukondwa kuti kumeneko kuli akatswiri akale oti azilimbana nawo. Anakhala zaka 7. Chi-Chi anali ndi pakati, ndipo Goten anabadwa, anakwawa, anayenda, anayamba kulankhula, bambo wake asanamuonepo. Chimene chinadzamubweretsa kwa tsiku limodzi lija chinali mpikisano wa ndewu.

Bambo ake a mwana wa mchemwali wangayu ali ku Joni, chaka chachinayi tsopano. Amatumiza ndalama, amaimba pa WhatsApp Lamlungu lililonse, ndipo ine sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa anapita kuti ana adye ndi kupita kusukulu. Ndikutchula izi chifukwa pa gawo limene Goten akubisala kumbuyo kwa mwendo wa mayi ake, akusuzumira munthu wachilendo amene akufanana naye nkhope, mnyamatayu anakhala chete kwa nthawi yaitali. Ine ndili mwana gawo limeneli ndinkaliona ngati lokoma chabe. Tsiku limeneli ndinaliona ndi maso ake. Mlamu wanga anachoka chifukwa cha njala. Goku palibe chinamuthamangitsa, anasankha yekha kumene mtima wake umasangalala.

Sindikufuna kumunamizira munthu. Goku anafera banja lake kawiri, ndipo maulendo onse awiri sanazengereze. Anamugwira Raditz kumbuyo kuti Piccolo awaboole onse awiri, zonsezo chifukwa cha Gohan wa zaka 4 amene anali atabedwa. Pamene Cell anafufuma kuti aphulike ndi dziko lonse, Goku anaika zala ziwiri pamphumi, anatsanzika mwana wake, n'kuchoka nacho chilombocho. Ndikaona pamenepo mpaka lero kukhosi kumandiuma. Ndipo pamene Gohan anatsala ndi dzanja limodzi logwira ntchito, mtima utamuthera, ndi mawu a bambo wake amene anamuimiritsa. Chikondi chilipo, sindikukana. Koma taonani mtundu wake wa chikondicho: chimatuluka pa mphindi ya imfa, pamene chofunika ndi kulimba mtima kwa kanthawi. Kulera mwana n'kwa tsiku ndi tsiku, kumafuna munthu amene alipo m'mawa, alipo madzulo, amene amadziwa chimene mwana amaopa ndi chimene amalakalaka. Gohan ankanena yekha kuyambira ali wamng'ono kuti akufuna kudzakhala munthu wophunzira kwambiri. Goku anamva mawuwo koma sanawasunge. Ngakhale nsembe ya Cell ija, anakaitulira kwa King Kai, mphunzitsi wake, osapempha, ndipo mwini nyumba anafera pomwepo pamodzi ndi nyani wake Bubbles.

Kwathu kuno timadziwa kuti kubereka ndi kulera n'zosiyana, ndipo timadziwa malo a malume pa mbumba. Mwina n'chifukwa chake Piccolo amandigwira mtima chonchi. Sanayambe bwino. Anamutenga Gohan mokakamiza n'kumusiya yekha m'chipululu miyezi 6, ndipo cholinga chake chinali kumusandutsa chida. Zimenezo n'zankhanza ndipo sindizikometsa. Koma Piccolo anasinthika chifukwa chokhala ndi mwanayo. Pamene Nappa, mnzake wa Vegeta, anaponyera Gohan moto wake, Piccolo anaima kutsogolo n'kuulandira, ndipo akufa anavomera kuti mwanayu ndiye yekha amene analankhula naye ngati munthu. Kuchokera pamenepo amamudziwa Gohan m'kati ndi kunja. Pa mpikisano wa Cell, Gohan anapempha kuvala zovala zofanana ndi za Piccolo. Mwana amadziwa amene amamuona. Patsogolo, m'nkhani zotsatira zotchedwa Dragon Ball Super, timamupeza Piccolo yemweyo akulera Pan, mdzukulu wa Goku, agogo ake enieni ali kutali kokaphunzira ndewu.

Ndiye pali Chi-Chi, amene tonsefe tinkamuda tili ana. Tinkati ndi mayi wolongolola, wosokoneza zinthu zokoma. Muonereninso lero muli akuluakulu. Ndi mkazi amene mwana wake wa zaka 4 anapita kokacheza ndi bambo wake n'kusabwerako chaka chathunthu, uthenga n'kubwera woti mwamuna wamwalira ndipo mwana watengedwa ndi mdani wakale wa banja. Ndi mkazi amene analera ana awiri kuphiri, akudalira chuma cha bambo ake Ox-King, chimenenso chinayamba kutha. Chimene ankapempha n'chakuti mwana aphunzire ndipo mwamuna agwire ntchito. Nkhaniyi inamujambula ngati choseketsa, ife n'kumaseka. Kumayambiriro kwa Dragon Ball Super timamuona Goku ali pa thirakitala kumunda, nkhope ili yolemera ngati wam'ndende, ndipo Mr. Satan atamupatsa ma zeni 100 miliyoni, anakapereka kwa mkazi wake kuti amumasule apite kokachita zimene amakonda. Ndalamazo zinali dipo lodziwombolera kunyumba kwake komwe.

Malemu Akira Toriyama, amene anatisiya pa 1 Malichi 2024 ali ndi zaka 68, zimenezi ankazidziwa. Anayamba kujambula nkhaniyi m'magazini ya Weekly Shōnen Jump mu 1984 mpaka 1995, ndipo anadzanenapo poyera kuti Goku samenyera anthu ena, amangofuna kulimbana ndi amphamvu, ndiponso kuti sankakhutira ndi mmene opanga makatuni ankamuonetsera ngati munthu wolungama wopulumutsa dziko. Ife ambiri tinamudziwa Goku kudzera m'mawu achingerezi amene anaikidwa ku America, ndipo kumeneko anamukometsa koposa. Zolankhula zija zotchuka pamaso pa Frieza, zodzitcha chiyembekezo cha chilengedwe chonse ndi mtetezi wa osalakwa, m'Chijapani mulibe. M'menemo amangonena kuti ndi Saiyan wochokera padziko lapansi amene wadzutsidwa ndi mkwiyo. Choncho mbali ina ya mlanduwu ndi ya omasulira, ndipo ina ndi yathu, amene tinafuna mpulumutsi n'kumuveka mkanjo umene mwini wake sanaupemphe.

Komabe kudziwa kwa a Toriyama sikuthetsa dandaulo langa, chifukwa nkhaniyo siimulipiritsa Goku kanthu. Timipira 7 ta Dragon Ball, toitanira chinjoka chokwaniritsa zopempha, timafufuta ngongole iliyonse. Amene afa amauka, matauni amabwerera, ndipo pomaliza aliyense akuseka patebulo lodzaza chakudya. Munthu wotchova juga amene nthawi zonse wina amamubwezera zimene waluza sangaphunzire, ndipo Goku saphunziradi. Taonani nkhani ya Majin Buu, chilombo chamatsenga chimene chinali chotsekeredwa. Anavomera kumenyana ndi Vegeta akudziwa kuti mphamvu zotayika pa ndewuyo zikupita kukadzutsa Buu, uku akubisa kuti ali ndi mphamvu ina yoposa yotchedwa Super Saiyan 3. Patsogolo pake anadzanena yekha kuti mwina akanatha kumugonjetsa Buu wonenepa uja, koma anafuna kuti achinyamata aphunzire kuteteza dziko okha. Achinyamata akewo anali Goten wa zaka 7 ndi Trunks wa zaka 8. Zimene Piccolo anamuuza pa mpikisano wa Cell zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Anthu pafupifupi onse a padziko anaphedwa, dziko lenilenilo linaphulitsidwa, ndipo pamene anapatsidwanso ndolo za Potara zoti aphatikizane ndi Vegeta amalize nkhani msanga, anaziphwanya m'manja kuti amenye yekha.

Mu Super khalidweli linakula mpaka kufika poti ngakhale anzanga omuikira kumbuyo kwambiri anayamba kung'ung'udza. Ndi iye amene anapita kukakumbutsa Zeno, mfumu ya zilengedwe zonse, za mpikisano wa zilengedwezo, atachenjezedwa ndi Beerus, mulungu wa chionongeko, kuti asaseweretse mfumu imeneyo. Mpikisanowo unabwera ndi lamulo loti chilengedwe chogonja chifafanizidwe ndi anthu ake onse: zilengedwe 8, omenya 80, mphindi 48. Ndikudziwa yankho lake, loti Zeno anali ataganiza kale zozifafaniza ndipo mpikisano unapereka mwayi. N'zoona. Koma Goku sanapiteko ndi nzeru imeneyo, anapita chifukwa manja ankamuyabwa. Ndipo amene anapempha kuti ofafanizidwa onse abwerere anali Android 17. M'mabuku a Super, Goku anadzaperekanso nyemba ya senzu kwa Moro, mfiti yodya maiko, ngati kuti za Cell sizinachitikepo.

Pali mawu amene timakonda kumutetezera nawo, akuti ndi wa mtima woyera, n'chifukwa chake amakwera kamtambo kaja ka Kinto'un. Ena amati ndi Saiyan, magazi ake ndi a nkhondo, ndiponso anagunda mutu ali khanda n'kukulira yekha kuphiri la Paozu agogo ake atamwalira, ndiye za banja angazidziwire kuti, munthu amene ankaganiza kuti ukwati ndi chakudya. Ndimazimva zonsezi, ndipo kwa Goku wamng'ono uja wa mchira, wothamanga ndi ndodo kumsana, zimakwanira. Mwana ameneyo ndimamukonda popanda funso. Koma Vegeta ndi Saiyan weniweni kuposa iye, anakulira m'manja mwa Frieza akupha anthu ngati ntchito, komabe anafika pokumbatira Trunks asanadziphulitse, ndipo mu Super anakana kupita kokaphunzira ndewu chifukwa Bulma anali pafupi kuchira. Goku anadabwa nazo zimenezo. Ngati wakupha uja anatha kuphunzira kukhala pakhomo, magazi si chifukwa. Mtima wopanda njiru ndi chinthu chabwino, koma munthu wa zaka zoposa 40, wa ana awiri ndi mdzukulu, amene sanayambe wadzifunsa kuti zosankha zake zimawawa ndani, sitingapitirize kumutcha wosalakwa ngati khanda.

Tchuthi chinatha tisanamalize, ndipo mnyamata uja anabwerera kwa mayi ake titatsala ndi magawo ochepa pa magawo onse 291. Wandiuza kale pa foni kuti ndisaonere ndekha, ndimudikire. Ine ndikudziwa zimene zili m'gawo lomaliza. Papita zaka 10 chigonjetsereni Buu, banja lonse lasonkhana ku mpikisano, Pan ali ndi zaka 4 ndipo amawakonda agogo ake koopsa. Goku akumana ndi Uub, mnyamata wosauka wochokera kumudzi wakutali, amene ndi Buu wobadwanso monga iye mwini anapemphera. Amuputa dala mpaka mwanayo akwiya, aona mphamvu zake, ndipo nkhope yake iwala kuposa mmene inawalira tsiku limene anaona Goten koyamba. Auluka kupita pamene pakhala banja lake, awauza mwachidule kuti akupita kukakhala kwa mnyamatayu kuti akamuphunzitse, sakudziwa kuti zitenga zaka zingati, azibwera kudzawaona. Kenako amubereka Uub kumsana n'kuuluka, Chi-Chi ndi ana ake atatsala m'bwalo akuyang'ana kumwamba.